Tizilombo ta m'ngalande ya ku Kanyama

Okondedwa akulu anga a Yohane,

Landirani moni wanga. Kuno ku Kanyama tili bwino, ndipo mwendo wa amayi uja wayamba kupola.

Mukukumbuka udzu woyanga uja umene umatseka ngalande mpaka madzi kutilowera m'nyumba? Tikausadza, kachidutswa kalikonse kamameranso. Mwezi watha alangizi a zaulimi anabweretsa tizilombo todumpha ngati utitiri, timene timadya udzu umenewo basi. Masamba atayamba kubowoka, mtima wanga unakhala pansi.

Koma Loweruka ndinapeza ba Phiri, oyandikana nafe aja, atabereka pampu, akupopera mankhwala m'ngalandemo.

"Vizanisilizira repu yanga ivi!" anatero, poopa kuti tizilomboto tiwathera ndiwo zawo zamasamba.

Ndinawagwira mkono, n'kuika kachilombo kamodzi pa tsamba la repu yawo. Kanadumpha osaluma n'komwe. Anachita manyazi, koma anali atapha kale tambiri.

Ine sindigonja ayi. Totsalato ndikutilondera ndekha, ndipo alangizi ndawapempha tina. Chonde nditumizireni majombo, chifukwa m'ngalandemo sindichokamo mpaka udzuwo utheretu. Mvula ya chaka chino amayi sagonanso pa tebulo pothawa madzi.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Limbikani