Batani la chizindikiro cha khasu

Njuli, 14 Julayi 2024

Mabatani onse m'chitini changa: 412
Mwa amenewa, amkuwa: 37
A chizindikiro cha khasu: 5
Zaka chisowereni Ellina: 50

Wokondedwa mlongo wanga Mikaele,

Ndikhulupirira uli bwino ku Mzuzuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine andivuta ndi mawondo, koma maso akuonabe bowo la singano. Kalatayi uwerenge uli wekha.

Lachiwiri Shabani woumba njerwa uja ankakumba dothi kumunsi kwa munda wa malemu amayi, ndipo anapeza mafupa a munthu. Mudzi wonse ukuti ndi wa nkhondo ya 1915, paja kuno fupa lililonse lakale amalikankhira kumeneko. Ine ndinafika apolisi asanawatenge, ndipo ndinawerenga. Chigaza chophwanyika kumbuyo. Nthiti zitatu zothyoka. Mano awiri akutsogolo palibe. Mkono wamanzere unathyoka kale n'kulumikizana mokhota.

Pakati pa timafupa ta zala panali batani lamkuwa. Shabani anandipatsa akuseka, amvekere aphunzitsi a zosoka atiuze ngati msilikaliyu anali wa udindo.

Ndinalitsuka ndi mandimu ndi phulusa. Kumbuyo kwake kunatuluka kakhasu ndi zilembo T.K. Chizindikirochi n'cha kampani ina ya ku Limbe yomwe inkasoka majekete a alonda a kuesiteti ya fodya. Kukampaniko ndinapitako ndi ana asukulu, ndipo zili m'kope langa: mabatani amkuwa anayamba 1972, pofika 1976 anasinthira apulasitiki. Batani la 1972 silingagone m'dzanja la munthu wa 1915.

Ukukumbukira kuti aVincent, amuna a mng'ono wathu Ellina, anali mlonda kuesiteti yomweyo. Mkono uja anamuthyola ndi mpini mu 1971. Mano anamugulula ndi chibakera mu 1973, ine ndikuona, mwana wawo Bernard ali kumbuyo. Pa 9 Ogasiti 1974 anatiuza kuti Ellina wathawira ku Mozambique ndi mwamuna wina. Tinachita manyazi, osamufunafuna.

Tsopano imva tchimo langa. Tsiku lomwelo anandibweretsera jekete kuti ndisoke. Batani lachitatu linali litazuka ndi nsalu yomwe, ngati munthu walikoka ndi mphamvu zake zonse. Pamkono wa jeketeyo panali magazi. Ndinawafunsa, anati anapha nkhuku, nandiyang'ana mpaka ndinazolika. Ndinachapa, ndinaika chigamba, ndinasokerera batani lakuda. Ndinabaya singano ka 24. Ndinkaopa, komanso ndinali nditangoyamba ntchito, sindinkafuna dzina langa kupolisi.

Pochoka pamudzi pano kukakwatira kufupi ndi Nguludi, jeketeyo anaisiya itang'ambika. Ndinadula mabatani asanu otsalawo n'kusunga, monga ndichitira ndi chovala chilichonse. Dzulo ndawayala pathebulo pamodzi ndi la Shabani. Khasu lomwelo, zilembo zomwezo, kukula kumodzi.

AVincent ali moyo, zaka 86, ndipo sajomba kutchalitchi. Bernard ndamulera ine, ndipo zaka zonsezi amalavula akamva dzina la mayi ake, ati anamutaya ngati galu. Mtima wake ukuudziwa. Chaka chatha anatema wakuba mbuzi paphewa ndi chikwanje. Akamva izi kwa anthu, sadikira khoti. Adzapita ku Nguludi, ndipo tidzataya wachiwiri.

Iwe ndiwe mwini mbumba, ndipo mawu ako okha ndi omwe amamva. Bwera pasanafike pa 29. M'mawa wa tsikulo udzamulande chikwanje, udzakhale naye pakhonde ine ndikumuuza. Tikatero ndidzakwera minibasi kupita ku Boma ndi mabatani ndi kope, ndikanenenso za jekete ndinachapa ija. Ubwere usabwere, ine ndipita. Ndikufuna atipatse mafupawo, Ellina akagone pambali pa amayi.

Mulungu akusunge panjira. Upereke moni kwa alamu, koma usawauze kanthu.

M'chitini: 5
M'dzanja la Ellina: 1
Onse pamodzi: 6
Jekete yakwana.

Ndine mlongo wako,
Phyllis Namakhwa