Mphindi 11 pa Website

Gulu: website ya app yathu

09:04 Mlembi: nkhani ya mayi uja ndamaliza. ndikufuna ndione kaye mmene ikuonekera isanapite kwa anthu. staging ija munakonza?

09:06 Wa Server: wayambanso kkkk. ka project ka open source ka anthu atatu, staging ya chani? ukaponya ku main, website yeniyeniyo, zatuluka, basi

09:07 Mlembi: achimwene app yathu ndi ya amayi othawa nkhanza. mayiyu akubisala kwa a matron, kunyumba yosungira amayi otere, mwamuna wake akumusaka. pakufunika staging, poyesera pomwe tingaone ife tokha

09:09 Wa Server: ndiye ndimange nyumba yachiwiri yongoyeseramo makatani? ponya, uone, uchotse. website yathu mmawa uno angatsegule ndani, ngakhale mayi anga saidziwa

09:10 Mlembi: dzina ndasintha, koma chithunzi sindinaphimbe nkhope

09:11 Wa Server: 2 mins zokha. uone size kenako uphimbe. chaka chonse timapanga choncho, wafa ndani?

09:13 Mlembi: mtima ukukana koma chbwn

09:21 Mlembi: ndaponya

09:23 Mlembi: mayo. chatuluka chonse osadulidwa. nkhope, geti ya a matron, mpaka chikwangwani cha msewu chikuwerengeka

09:24 Mlembi: ndikubweza ikukana. chotsani pls

09:26 Mlembi: achimwene??

09:28 Mlembi: 📞 sanayankhe

09:32 Wa Server: sorry anandiitana abwana. ndachotsa. mphindi 11 zokha, upume mlongo

09:35 Mlembi: nanga email yandilowerayi ndi chani? "nkhani yatsopano", ndi chithunzi chomwe

09:38 Wa Server: eish

09:38 Wa Server: ndinaiwala. tsamba latsopano likatuluka, email imapita yokha kwa onse olembetsa

09:39 Mlembi: angati

09:39 Wa Server: 312

09:40 Mlembi: ibwezeni

09:41 Wa Server: email sibwezeka. madzi atayika

09:42 Mlembi: dzina la mwamunayo ndakuponyerani ku inbox. onani pa list

09:47 Mlembi: mwamupeza?

09:49 Wa Server: alipo. analembetsa masabata atatu apitawa

09:49 Mlembi: sabata yomwe mkazi anathawa. app anaiona mu foni ya mkazi wakeyo

09:50 Wa Server: waitsegula 09:37. kanayi

Mlembi walowetsa A Matron m'gulu

09:51 Mlembi: amayi pepani, talakwa. chithunzi cha mayi wa chipinda chakumapeto chafika kwa mwamuna wake. geti yanu ikuoneka, msewunso

09:55 A Matron: 🎤 0:22 Mwanangu, si paja unalumbira pamaso panga kuti nkhope sidzaoneka? Iye uja anakana, ndinachita kumunyengerera ndine. Panopa kulibe, wapita ndi mwana ku sikelo. Foni anasiya pa charge.

09:56 Mlembi: abwera nthawi yanji

09:58 A Matron: Sindidziwa. Ndatuma wophika akamupeze asadzere kumaso. Ndaimbira apolisi, akuti galimoto yatuluka, tidikire.

10:00 Wa Server: amayi ndine amene ndimasamala website. cholakwa ndi changa, mlongoyu anandichenjeza. ndikukonza staging pompano, sizichitikanso

10:02 A Matron: Bambo, chinthu chanucho sindikuchidziwa. Chimatseka geti?

10:03 Mlembi: kuchokera kuntchito kwa mwamunayo kufika uko ndi 40 mins. ngati ananyamuka atangoona ndiye watsala pang'ono

10:03 Wa Server: mwina sanazindikire malowo. mageti obiriwira ndi ambiri

10:04 Mlembi: ndi driver wa taxi achimwene. misewu ndiye munda wake

10:11 A Matron: Alowa cha kuseri, iye ndi mwana. Ndamuuza. Sanalire, wangokhala pansi pa simenti nkuvula nsapato za mwana, kenako nkumuvekanso.

10:12 Mlembi: muuzeni ndikupepesa. ndikubwera, ndakwera kale

10:13 A Matron: Usabwere. Mwamunayo akakuona ukulowa ndiye watsimikiza.

10:19 A Matron: 🎤 0:09 Pali galimoto yoyera yaima kutsidya kwa msewu. Injini sanazime. Munthu sakutsika.

10:19 Mlembi: nambala yake?

10:20 Wa Server: mwina ndi apolisi

10:21 A Matron: Ayi. Mayi uja wasuzumira pawindo, akuti ndi ya mwamuna wake.

10:21 Mlembi: Mulungu wanga

10:22 Wa Server: ndaimbiranso apolisi, akuti ali mnjira. amayi khomani zitseko zonse

10:24 A Matron: Watsika. Ali pa geti, foni ili mmanja, akuyang'ana foni nkuyang'ana geti.

10:25 Mlembi: amayi?

10:27 Mlembi: 📞 sanayankhe

10:28 Wa Server: 📞 sanayankhe

10:29 Mlembi: 📞 sanayankhe

10:30 Mlembi: ndikuopa achimwene. ndiyankheni ngakhale inu

10:30 Wa Server: ndilipo

10:31 Mlembi: 📞 sanayankhe

10:33 A Matron: musaimbenso. walumpha mpanda. tili mu store tonse, mwana tamugwira pakamwa. foni ikawala atiwona

10:33 Mlembi akulemba...

10:34 Mlembi wafufuta uthengawu