Mfiti ya Kudimba Yapezeka

Mlangeni, Ntcheu

Wokondedwa mwana wanga Tisungane,

Ndikhulupirira uli bwino kukolejiko ndipo chimfine chija chinakusiya. Kuno tadzuka, kupatula bondo langali losamva mankhwala.

Ndalemba kuti ndikuthokoze bwinobwino, poti pafoni paja bambo ako anali chapafupi, khutu lili tcheru.

Matimati athu atayamba kufota, bambo ako sanafunse munthu nzeru. Ankathirira m'mawa, pofika masana mbewu zili zyoli. Ankati dimba la a Silvester, bambo ako aang'ono, lagundana ndi lathu, madzi ndi amodzi, nanga lawo likubiriwira bwanji? Anawanena kuti atilodzera dimba, ndipo ananenera pamaliro, anthu akumva. Kuchokera tsikulo moni unatha, ana awo analeka kupondako kwathu. Mtima unkandiwawa, mwana wanga, anthu a bere limodzi.

Utandifunsa mmene bambo ako anathirira feteleza ndinayamba kuwakayikira. Chaka chino anapeza thumba lathunthu, ndiye ankatapa dzanja lodzaza n'kuunjika patsinde penipeni, ati mbewu nayo idye ikhute ngati mlendo.

Ndinachita monga unanenera. Ndinadula mbatata ya kachewere pakati, n'kukumba kadzenje pachibenthu chilichonse, kwina ndinaikamo feteleza, kwina ayi. Pochokera kotunga madzi ndinapeza kadzenje ka feteleza kadzaza madzi, kopanda feteleza kali gwa, kouma. Ndinawauza mawu ako, kuti muzu uli ndi timaselo tokutidwa ndi kakhungu kopyapyala, ndipo madzi amadutsa pakakhunguko kulondola kumene mchere wachuluka. Feteleza akaunjikana kunja, madzi m'malo molowa m'muzu amatuluka. Dzina lija la osimosisi linandikanika lilime, ndinangoti ndi za kusukulu.

Bambo ako anaiyang'anitsitsa mbatata ija, kenaka anati, "Ndiye kuti mfiti ndine."

Anakakokolola fetelezayo n'kuthira madzi ambiri kuti wotsala amwazikane m'nthaka. Mizere ina yatsitsimuka, ina yapita basi.

Dzana anagwira tambala, ananyamula mbatata ndi feteleza pang'ono, ulendo kwa mng'ono wawo. A Silvester anaonerera zonse. Tambala anamukana.

Anangoti, "Achimwene, munandichotsa ulemu pagulu. Mbatata imeneyi mukaikumbenso pagulu."

Bambo ako avomera. Adzachita Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi, pamaso pa mudzi wonse. Ukuwadziwa kuuma mutu kwawo, sangakuuze okha, koma andifunsa kangapo ngati kukoleji amalola munthu kuchokapo Loweruka. Akuopa kuti mawu adzawathawa. Bwera, mwana wanga, udzaime pambali pawo.

Upereke moni kwa azakhali ako a Zelesi ukawaona. Mulungu akusunge, akuwonjezere nzeru zimenezo.

Ndine mayi ako,
Aida Nangozo