Timbale ta Yankho

Tsangano,
Ntcheu.
14 Juni 2024.

Okondedwa achemwali a Mervis,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mbatata takumba, koma ine mtima suli m'malo.

Mwana wanu Yankho anabwera kuchokera ku koleji ndi timbale tisanu ndi kamodzi tomatamata. Akuti kumeneko makina ofunditsira anawonongeka, ndiye amatiika pafupi ndi mbaula, n'kumatisuzumira ngati khanda, tina n'kumatidonthezera mkaka. Mlamu wathu Dailes ndiye anandinong'oneza kuti, "Amake Yankho, chinthu chodyetsedwa mkaka m'nyumba, inu simukuchidziwa? Wakhwima mwanayu."

Nditamufunsa, Yankho anaseka. "Amayi, ndi mabakiteriya awa. Malangizo awo ogayira shuga wa mumkaka amakhala pamzere umodzi, khomo lake limodzinso. Timati operoni. Pakhomopo pamakhala mlonda. Mkaka ukasowa amatseka, kuti asataye mphamvu pachabe. Ukabwera, shugayo amagwira mlonda uja, khomo n'kutseguka, ntchito n'kuyambika. Zikatero, mankhwala ndinathiramowa amaonetsa buluu."

Achemwali, kanthu kopanda maso, kopanda mutu, kangadziwe bwanji kutseka ndi kutsegula khomo? Ndinati mwanayu akundiphimba m'maso, akuyesa ndinabadwa dzulo.

Ndiulule kwa inu nokha. Lachiwiri ali kumsika ndinataya timbale tisanu m'chimbudzi. Kamodzi koyera ndinakabisa patsanja m'khitchini, nditadonthezamo mkaka wa ng'ombe kuti ndimugwire bodza. Lero m'mawa ndapezamo timadontho ta buluu, ndendende monga ananenera.

Imeneyo inali ntchito ya miyezi isanu, yoti akaonetse aphunzitsi ake kumapeto kwa mwezi uno kuti amalize sukulu. Yankho walira mpaka maso kutupa. Akukayikira Dailes, ndipo dzulo anamulalatira pamjigo anthu akuona. Ine ndinali pomwepo, ndinangowerama n'kumatsuka ndowa yoyera kale.

Kambaleko ndakakulunga m'chitenje, ndikuopa kukatulutsa. Inu amakumverani. Chonde muimbireni foni, mumufunse mochenjera ngati kamodzi kokha kangamuombole. Asadziwe amene wakutumani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Yankho nayenso wapereka moni. Wati ndikuuzeni kuti pa abale onse amene amawakhulupirira mwatsala inu ndi ine basi.

Ndine mng'ono wanu,
Selestina.