Chimbudzi cha Mwaiwathu

Senga Bay, 9 Julaye 1952

Okondedwa azakhali,

Moni kuchipatala komwe mukugwira ntchitoko. Kuno tili bwino, usipa ukuphedwa ndithu.

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mwana wanga Mwaiwathu akuchitabe chimbudzi chofewa, chachikasu, kanayi pa tsiku, koma akuyamwa ndi kunenepa. Apongozi ankati ndamusempha mwanayu pogona ndi mwamuna wina, poti bambo ake ali ku Joni. Aphunzitsi anawawerengera mawu anu akuti mwana woyamwa amatero, choopsa n'chimbudzi chamadzi, chamagazi, kapena liwombo kulowa. Dzulo apongoziwo anandibweretsera chambo, osandiyang'ana kumaso.

Mwandichotsa manyazi, azakhali. Kungoti kalata ya apongozi yokandinenera kwa amuna anga ku Joni inali itakwera kale sitima, ndipo yankho silinabwere.

Ndine mwana wanu,
Dailes