Helikopita Yonjenjemera

Lamlungu, 16 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu komanso ana. Kuno tili bwino, ndipo lero mawu amenewa ndikuwalemba ndi mtima wonse, osati monga ndakhala ndikuyankhira pafoni miyezi iwiri yapitayi. Munandifunsa katatu konse kuti, "Achimwene, mawu anuwa bwanji?" ine n'kumati ndi chimfine. Sichinali chimfine. Ndinakunamizani. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula ndisanamalize, ndiponso mukayamba kuseka nkhani imandithawa. Pakati pa kalatayi museka ndithu, ndakulolani, koma muwerenge mpaka kumapeto.

Mukudziwa kale za masewera anga a pa kompyuta, aja munawatcha zibwana za munthu wa imvi. Ndifotokoze pang'ono kuti mumvetse. Loweruka lililonse masana ndimakhala pa kathebulo ka m'chipinda chaching'ono chija, mahedifoni kumutu, n'kumaulutsa ndege zankhondo pamodzi ndi anzanga asanu, aliyense ali kunyumba kwake. Si zongodinadina mabatani ayi. Kuti injini ilire umayatsa maswichi oposa makumi awiri m'ndondomeko yake, ukalumpha imodzi anzako amanyamuka iwe uli pansi. Ndegeyo timaiwongolera ndi ndodo yokhala pathebulo, joisitiki. Anzanga amakonda majeti. Ine ndinasankha helikopita, chifukwa ntchito yake ndi kukatola munthu amene ndege yake yagwetsedwa, ndipo mtima wanga umakhala m'malo ndikamapulumutsa kusiyana ndi ndikamaombera. Koma ndisadziyeretse, mizinga ndaponyapo, ndipo ndinasangalala itagunda.

Chovuta pa helikopita si kuuluka, koma kuima malo amodzi m'mwamba pamene chingwe chikutsika kukatenga munthu. Dzanja liyenera kukhala phee, kumasuntha pang'onong'ono ngati ukulowetsa ulusi pasingano. Pagulu lathu palibe ankandiposa, popeza ndi zomwe ndakhala ndikuchita kuntchito pa kireni zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kutsitsa zitsulo zolemera pakati pa mitu ya anthu.

Loweruka lina mu Epulo, jeti ya mnzathu wina inagwetsedwa panyanja. Mnzathuyu ndi wowotcherera zitsulo, timamutcha Jenerali ngakhale sanapondepo m'ndege yeniyeni. Ndinangomva m'makutu akukuwa, "A Dikoni, fulumirani, nsomba zayamba kundilawa kuno!" Ndinafika bwinobwino, ndinaima pamwamba pake, ndinayamba kutsitsa chingwe. Basi helikopita inayamba kugwedera. Ndikati ndiigwire, imathawira kumanzere. Ndikaibweza, mphuno pansi. Jenerali anati, "Kodi vinyo wa mgonero uja mumamalizira kunyumba eti?" Asanamalize kuseka, ndinali nditagwera m'madzi pambali pake. Onse anafa nako kuseka, inenso ndinaseka nawo.

Titatseka, ndinayesanso ndekha. Pakona ya sikilini pali kabokosi kamene kamaonetsa mmene dzanja likusunthira ndodo. Muli kadontho kofiira, dzanja likakhazikika nako kamakhazikika. Ndinagwira ndodo, ndinaumitsa mkono, ndinaleka ngakhale kupuma. Kadontho kaja kankanjenjemera, Achemwali. Pang'ono chabe, koma osaleka.

Simukufunika kuuzidwa chimene chinabwera m'mutu mwanga. Kwa bambo zinayamba chimodzimodzi, supuni kumagunda mbale pang'onopang'ono, iwo n'kumati ndi kuzizira. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Ine ndikwanitsa zomwezo mu Okutobala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka wapolisi wa manja anga. Ndinkadzitsekera kubafa, kutambasula mkono, n'kumauyang'ana. Poyamba unkakhala bwino, koma ndikauyang'anitsitsa kwa nthawi, zala zinkayamba kugwedera. Tsopano ndikudziwa kuti munthu aliyense akatambasula mkono mphindi zisanu ali ndi mantha, ugwedera basi. Nthawi imeneyo sindinkadziwa. Ndinawerenga za matendawa pafoni mpaka chizindikiro chilichonse ndinachipeza pathupi panga, ngakhale zija za amayi oyembekezera.

Apa ndi pamene mabodza anayambira. Anzanga a ndege ndinawauza kuti helikopita yanditopetsa, ndikufuna jeti. Jeti ikamathamanga kugwedera pang'ono sikuoneka, koma potera pasitima yapamadzi ndinaphwanya ndege zitatu Loweruka limodzi. Kutchalitchi ndinapempha dikoni mnzanga kuti azinyamula thireyi ya timakapu ta mgonero, ndinati phewa likundipweteka. Ndinkaona m'maganizo timakapu tonse tikulira ngati mabelu pamaso pa mpingo.

Kuntchito ndiye kunali koopsa. M'kanyumba ka kireni umakhala wekha m'mwamba, pansi pali anthu a mabanja awo atavala zipewa zimene sizingaletse chitsulo cha matani awiri. Kunena zoona palibe chimene chinalakwika, katundu ankatsika bwino ngati kale. Koma ndinkatsika makwerero malaya atanyowa, ndikudzifunsa kuti kodi mawa ndi tsiku lake? Sabata yachitatu ndinapita kwa akapitawo n'kunena kuti msana wandivuta, andiike pansi ndizikodola ndi manja wina akuyendetsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma anavomera. Ndinkadziwa kuti sizikhalitsa. Kampani sisunga woyendetsa kireni amene sakwera kireni.

Alamu anu a kunyumba kuno sindinawauze kanthu. Ndinkamwa tiyi nditagwira kapu ndi manja awiri, iwo akandiyang'ana ndinkati ndikuotha.

Ndinapemphera, Achemwali, kuposa mmene ndinapempherera chibadwire. Ndipo m'kupemphera momwemo munalowa ganizo lakuti mwina ichi ndi chilango. Dikoni wamtundu wanji amene Loweruka akuponya mabomba, Lamlungu akugawa mgonero ndi dzanja lomwelo? Ndinalonjeza Mulungu kuti ndisiya. Lachisanu la sabata yatha ndinapukuta joisitiki, ndinaibwezera m'katoni yake, ndinapita nayo ku shedi ya Jenerali. Yake ndi yakale yomanga ndi tepi, yangayi anakhala akuisirira chaka chonse. Ndinati, "Tengani, ine ndakula." Anavula magalasi owotcherera aja n'kundifunsa ngati ndikumwalira. Ankanena zoseka. Ine ndinangotembenuka msangamsanga kuti asaone nkhope yanga.

Mawa lake masana, nthawi imene tinkayenera kukhala m'mwamba, ndinali pampando ndikuwerenga Masalimo. Ndinamva njinga yamoto pageti, kenako mawu a Jenerali asanazimitse n'komwe injini.

"Amayi, a Dikoni alipo? Auzeni atuluke, ndabwera ndi mlandu!"

Analowa katoni ili kukhwapa, alamu anu ali pambuyo.

"Munthu wa Mulungu, mphatso yanji imeneyi? Ndakuthokozani dzulo mpaka kugwada, osadziwa kuti mukunditayira zinyalala. Ndagwa kanayi lero. Kanayi! Anthu akuti Jenerali wakalamba."

Ndinati, "Vuto si ndodoyo."

"Nanga ndi ndani, ine?"

Sanadikire yankho. Anapita yekha m'kachipinda kaja, anayatsa kompyuta, analumikiza joisitiki, anatsegula kabokosi ka kadontho. Kenako anaimirira, anabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma, n'kupisa manja onse awiri m'matumba.

"Taonani. Mwagwira inu? Ndagwira ine? Amayi, mwagwira?"

Ndodo inali chiimire pathebulo, popanda woikhudza. Kadontho kankanjenjemera kokha.

Achemwali, miyezi iwiri yathunthu ndinayang'ana kadontho kameneko, ndipo sindinaganizepo ngakhale kamodzi zochotsa dzanja langa. Ndinkangolimbitsa kugwira.

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni, ndipo ndinalira mokweza ngati mwana. Jenerali anasokonezeka. "Aaa, a Dikoni, si zolirira izi, tikonza. Ndi kachinthu kakang'ono m'katimu." Pamene ndinatha kuyankhula ndinawauza zonse, za bambo, za kireni, za timakapu. Jenerali anavula chipewa n'kumachipinda m'manja, kusowa poyang'ana.

Alamu anu anati, "Ndiye kapu ya manja awiri ija inali imeneyi? Ine ndimayesa ntchito yatha, mukuopa kundiuza. Tsiku lina ndinakutsatirani mpaka pageti la kuntchito kwanu."

Ndinati ndinkafuna kuti asade nkhawa.

"Mwandisungira nkhawa yabwino kwabasi. Munkati mukandiuza ndithawa? Kapena munkadikira kuti ndidzamve kwa adokotala tsiku loti ndiyambe kukumangani mabatani?"

Anatuluka n'kukakhala kukhitchini nthawi yaitali, madzi akungotuluka pampopi.

Jenerali, pofuna kupeza chochita ndi manja ake, anatulutsa sikuludiraiva m'thumba n'kumasula pansi pa joisitiki. M'kati munali fumbi la simenti lokhalokha, lotuwa, litamatirira pa kachipangizo kamene kamamva kusuntha kwa ndodo. Loweruka timaweruka masana, ndipo ine ndinkafikira pakompyuta ndi ovolosi yomweyo. Atabwerako alamu anu anasuzumira, n'kunena kuti, "Zaka zitatu ndikunena kuti muzisamba kaye. Mwina mumva poti chanena ndi chitsulo." Apo ndinadziwa kuti mkwiyo wayamba kutsika.

Jenerali anaipukuta ndi kaburashi, anaimanga, n'kundikankhira pampando. Ndinati ndinalonjeza Mulungu kuti ndasiya. Iye anati, "Uku si kusewera, n'kuyesa ntchito yanga. Ine sindipereka chinthu kwa kasitomala osachiyesa." Ndinayatsa maswichi onse, ndinanyamuka, ndinaima pamwamba pa sitima. Helikopita inaima ngati yapachikidwa pamsomali. Ndinaitsitsa pang'onopang'ono mpaka matayala anakhudza pakati penipeni pa chizindikiro. Za lonjezo lija ndakambirana ndi abusa lero titaweruka. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati Mulungu si wamalonda woti tizisinthana naye zinthu, koma bodza lokhalo ndilape. Ndalapa. Zakuti ndibwerere kapena ayi, ndikuganizabe.

Lolemba alamu anu ananditengera kuchipatala, osandifunsa maganizo. Adokotala anandiuza kuti ndigwire mphuno ndi chala, ndijambule mzere wozungulira, ndiyende mpaka kuchitseko n'kubwerera. Anati sakuona chizindikiro chilichonse cha matenda a bambo. Magazi okha ndi amene akuthamanga, andipatsa mankhwala. Ndinawafunsa ngati angandilonjeze kuti sizidzabwera. Anati zimenezo palibe angalonjeze, ndizipita chaka chilichonse akandione. Ndavomera.

Kwa akapitawo ndinapita ndi kalata ya adokotala n'kuulula za msana wabodza uja. Anati, "Kutsika munachita bwino, kunama munalakwa. Mukadzabwerezanso mudzatsikiratu." Mawa m'mawa ndikukweranso.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Pamene bambo ankadwala, munawadyetsa ndi kuwasambitsa zaka zinayi. Ine chaka chomaliza ndinabwera kawiri kokha, ndinkati ntchito yachuluka. Tchuthi ndinali nacho, Achemwali. Ndinkaopa kuona manja awo. Ulendo womaliza, inu muli kunja mukuyanika zofunda, anandikhuthulira tiyi pathalauza, ndipo ndinawakalipira kuti, "Bambo, gwirani bwino!" Anandiyang'ana n'kupepesa. Sindinauzepo munthu aliyense. Miyezi iwiri iyi, nthawi zonse ndikagwira kapu ndinkamva mawu angawo. Ine ndanyamula mantha okha kwa masabata asanu ndi atatu ndipo ndinatsala pang'ono kupenga. Iwo ananyamula matenda enieniwo, inu munanyamula iwo, ndipo sindinakufunsenipo ngakhale tsiku limodzi kuti mukupirira bwanji. Ndikhululukireni. Musafulumire kuyankha kuti zinatha, ndikudziwa mmene mumachitira.

Mu Ogasiti ndili ndi tchuthi cha masabata awiri. Ngati mungandilandire, ndibwera ndekha, ndidzakhale pansi mundiuze zaka zinayi zija mmene zinalili, zonse, ndi zoipa zomwe. Sindidzakudulani.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa cha zonse zimene anachita m'malo mwanga. Ana muwauze kuti amalume awo ali moyo ndipo nzeru zikubwerera pang'onopang'ono. Alamu anu kuno akupereka moni, ati mundikalipire kumbali yanu chifukwa iwo atopa.

Ndili ndi funso limodzi, Achemwali, poti magazi athu ndi amodzi. Kodi inunso mumadzitsekera n'kumayang'ana manja anu? Ngati mumatero, musachite ngati ine. Ndiimbireni tsiku lomwelo.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
amene mumamudziwa kupusa kwake.