Wondigulitsa sevisi wabwera kudzafunsira mbeta

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, ndipo mwendo wa amayi uja wasiya kutupa. Wodwala ndi galimoto yanga yokha.

Paja pogula ku Limbe ndinalipiriratu sevisi ya moyo wonse. Mwezi watha itayamba kutsokomola utsi, ndinaikokera komweko. Ndinapeza kampani inatsekedwa kalekale, m'nyumbamo akugulitsa nandolo. Mlonda anati, "Bwana, za moyo wonse kafunseni kutchalitchi." Panopa galimotoyo ili pansi pa mtengo wa mango kuno ku Chiringa, nkhuku zikuikiramo mazira, ine ndi digiri yanga ndikukwera kabaza.

Tsono Loweruka kunabwera anthu a ku Nkhulambe kudzafunsira mbeta Esinati, mwana wa achemwali. Mwamuna wake ndani? Mnyamata wa tayi yemwe uja anandisainitsa pepala la sevisi. Atandiona, anayamba kuyang'ana nsapato zake.

"Amalume, ine ndinali wantchito chabe," anatero.

Ndinati, "Usadandaule mwanawe, kampani ya kuno sitseka."

Chonde achimwene, monga eni mbumba, musakane ukwatiwu. Koma za chitengwa asayerekeze, akhale pachikamwini pompano. Ndamusungira munda wa amayi wa miyala uja, komanso galimoto yoti azikankha m'mawa uliwonse mpaka idzalire. Sevisi ndinalipira ija ndiilandira ndithu.

Munditumizireko sipanala yolimba, ikhale mphatso yake ya ukwati. Mulungu akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Gidiyoni